ZA NGOLO NDI MATHIRAKITALA, NDI ANTHU AMENE AVULALA NAZO M'MIDZI MWATHU

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa Bungwe, olembedwa pano kuti Mafumu ndi abale amene sanathe kufika awerenge.

Wapampando, Mafumu athu akuru, Nyakwawa za m'midzi, ndi abale onse a m'Bungwe lino: tiyamba ndi kupempha kuleza mtima kwanu, pakuti nkhani imene tapatsidwa kuti tiikambe lero ikhudza chuma cha ena amene akhala pano, ikhudzanso maliro amene ena a ife tinalira. Sitinadze kudzatsutsa munthu. Tadza ndi mau amene tinapangana m'kabungwe kathu, ndipo pamene talakwa mutiwongole inu eni dziko.

Makolo athu anati tsoka silinunkha. Mauwa tiwamva pa maliro a munthu wopondedwa ndi ngolo kapena wogwa pa thirakitala, ndipo atonthoza ofedwa, sitiwanyoza iai. Koma ife, titakumbutsana nkhani za ovulala a m'midzi mwathu ndi kuziika pamodzi, taona kuti tsoka ili linunkha ndithu. Lidza pa miyezi yodziwika, makamaka kuyambira Epulo pamene zokolola zituluka m'minda; lidza pa malo odziwika; ndipo kawirikawiri ligwera munthu amene anangotumidwa kapena anangokwezedwa, osati mwini chuma. Chinthu chimene chibwera chaka ndi chaka ndi njira imodzimodzi sichiyenera kutchedwa tsoka pa bwalo la mfumu.

Tiyambe ndi ngolo, popeza ndiyo iri pafupi ndi ife tonse. Ku Mzimba, Kasungu, Mchinji, Dowa, Lilongwe ndi Dedza, munthu wokhala ndi ng'ombe ziwiri ndi ngolo ayesedwa munthu woima payekha, ndipo nzoona. Ngolo yatula katundu pa mitu ya amai athu. Ituta chimanga ndi mtedza, itenga mabelo a fodya, njerwa, mchenga ndi manyowa. Ndipo usiku, mai wapakati ikamkwanira nthawi yache, ndi ngolo yomweyo imtengera ku chipatala. Agogo athu amene anasenza machila ndi mitolo ya mtengatenga pa mapewa ao akadaiona akadaomba m'manja. Tsono asaganize munthu kuti tiri kunyoza ngolo.

Koma taonani mapangidwe ache. Iri ndi magudumu awiri okha, ndipo ngolo zambiri ziribe buleki konse. Potsika chitunda, katundu yense akankha mtengo wa ngolo, mtengo ukankha goli, goli likankha makosi a ng'ombe. Ndipo ng'ombe zikalephera kuletsa ziyamba kuthamanga, osati mwa kufuna kwao. Matumba akaunjikidwa kumbuyo kwa magudumu, mtengo unyamuka ndipo ng'ombe zitsamwa ndi zingwe za m'khosi. Akaunjikidwa kutsogolo kopambana, ng'ombe zigwada. Munthu wamkuru wozolowera adziwa izi zonse, ndipo pa malo otsetsereka atsika nayenda pambali. Nanga ayendetsa ngolo zathu ndani? Ndi anyamata a zaka 10 kapena 12, otumidwa mbandakucha kapena madzulo ataweruka ku sukulu, amene akhala pa mtengo pakati pa ng'ombe ndi gudumu, chikwapu m'manja. Mwana wokhala pamenepo akaterereka alibe kwina kogwera, koma patsogolo pa gudumu penipeni.

M'mudzi wina wa m'dera lathu lino, umene sitiutchula dzina, mnyamata wotere anali kututa chimanga. Njinga yamoto inaliza belu kumbuyo kwache, ng'ombe zinadzidzimuka, ndipo iye anagwa. Gudumu linampita pamimba. Anadzuka yekha, nadzisansa fumbi, nafikitsa ngolo kwao. Panalibe bala, panalibe mwazi. Akuru anati wapulumuka. Madzulo anakana nsima napempha madzi kawirikawiri, m'maso ndi m'manja munayera, thukuta lozizira linamgwira, ndipo tambala woyamba asanalire anali atatisiya. M'mawa mwache anthu anayamba kunong'onezana, nati, mwana amene anayenda ndi miyendo yache afa bwanji usiku? Ndipo maso onse anatembenukira kwa gogo wina wamasiye wa m'mudzimo.

Mafumu athu, mirandu yotere idza kwa inu, chifukwa chache tifuna kunena chimene madotolo adziwa. Pansi pa nthiti za kumanzere pali kapamba, ndipo kumanja kuli chiwindi. Ziwalo izi zidzala ndi mwazi, ndipo zikapsinjidwa zing'ambika khungu la kunja liri losalala. Mwa ana athu ambiri kapamba ali wotupa kale chifukwa cha malungo obwerezabwereza, ndipo kapamba wotupa sachedwa kuphulika. Mwazi utayikira m'kati mwa mimba pang'ono pang'ono, munthu ali kuyenda ndi kulankhula, kufikira utatha. Ludzu lija, kuyera kwa maso kuja, thukuta lija, ndizo zizindikiro zache. Mwanayo akadafika masana omwewo pa chipatala pamene ang'amba mimba ndi kuthira mwazi, kapena akadakhala ndi moyo. Anamupha ndi gudumu ndi kuchedwa. Ndipo tikumbutsane kuti lamulo la 1911 liletsa kunenera munthu ufiti. Gogo uja analibe ngolo, analibe ng'ombe, ndipo si iye anatuma mwana.

Za ngolo pa mseu waukuru usiku sitinena zambiri, pakuti onse amene ayenda pa M1 aziona. Ngolo iyenda monga ayendera munthu wa pansi, iribe nyali, ndipo matabwa ache ali akuda ngati usiku womwe. Woyendetsa lole akaiona, yafika kale pamphuno pache. Tizitsulo tonyezimira tokhomera kumbuyo tigulidwa ndi ndalama zosafika pa mtengo wa nkhuku, pamene ng'ombe imodzi yothyoka miyendo ndiyo chuma cha zaka zambiri.

Tsono tidze ku thirakitala. Kale inali ya m'minda ya Azungu yokha. Lero iri m'tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, m'nzimbe za ku Nchalo ndi Dwangwa, m'maesiteti a fodya a pakati pa dziko, ndipo alimi ena a m'midzi aichita hayala kuti iwalimire kapena kuwatutira. Anthu aiyesa galimoto yofatsa chifukwa iyenda pang'ono. Koma thirakitala sinapangidwe monga galimoto. Iri yaitali msinkhu, kulemera kwache kwambiri kuli kumbuyo, ndipo mphamvu yache ituluka m'magudumu akuru a m'mbuyo. Magudumuwo akagwidwa, kaya ndi matope, kaya chifukwa chitsa chimene iri kukoka chakana kuzuka, injini sileka kukankha; ndipo popeza magudumu sangathe kuzungulira pansi pa thirakitala, thirakitala ndiyo izungulira pa magudumu. Mutu wache unyamuka, ndipo igwa chagada pa woyendetsa. Akatswiri amene anayesa chinthu ichi anapeza kuti kugwa konseko kutha m'sekondi imodzi ndi theka, ndi kuti isanakwane sekondi imodzi thirakitala yafika kale pamene singabwererenso pansi. Palibe munthu wachangu kotero kuti angalumphe.

Chimene chiitana ngozi iyi kopambana ndi kumanga tcheni pamwamba. Opanga anaika chitsulo chokokera pansi, m'munsi mwa mtanda wa magudumu, kuti katundu akakana thirakitala ingopalasa dothi. Koma tonse taona chimene chichitika lole ikatitimira m'dzinja: mudzi wonse usonkhana, munthu ali yense ali ndi nzeru yache, ndipo wina afuula kuti mangani pamwamba kuti ikoke ndi mphamvu. Tcheni chikamangidwa pa mtanda kapena pansi pa mpando, thirakitala yapatsidwa chogwirira chodzigwetsera.

Choipa ichi si chatsopano, ndipo sichinayambire kwa ife. Mathirakitala oyamba a ku Amerika ndi ku Ulaya anapha alimi mwa njira yomweyi, pulawo ikagunda mwala kapena muzu pansi. Munthu wa ku Ireland, dzina lache Harry Ferguson, anatha zaka zambiri kufunafuna mamangidwe a zitsulo zitatu, kuti pulawo ikagunda kanthu mutu wa thirakitala ukanikizidwe pansi m'malo mwa kunyamuka. Mathirakitala ache ang'ono otuwa anayamba kupangidwa ku Coventry mu 1946, ndipo dzina lache likali pa mathirakitala ofiira amene tiwaona m'minda. Koma nzeru yache ithandiza pulawo yomangidwa pa malo pache. Siithandiza tcheni chomangidwa ndi khamu la anthu m'mphepete mwa dambo.

Kugwa cham'mbali ndiko kuchuruka koposa: m'mphepete mwa ngalande, pa chulu chobisika m'udzu, pa matereti a ku mapiri, kapena pokhota mwa liwiro. Thirakitala iri ndi zopondera ziwiri za buleki, china cha gudumu la kumanja, china cha la kumanzere, kuti ikhote msanga pa mapeto a munda. Pa mseu ziwirizi ziyenera kulumikizidwa ndi kachitsulo kache. Woyendetsa akaiwala, naponda chimodzi ali pa liwiro, thirakitala ipotoloka pomwepo. Maiko ena anafuna mankhwala a imfa zotere nawapeza. Dziko la Sweden linalamula mu 1959 kuti thirakitala yatsopano iri yonse ikhale ndi chimango cholimba cha chitsulo pamwamba pa woyendetsa, ndipo Britain inatsata mu 1970. Imfa za ogudubuzika zinachepa kwambiri, pakuti chimango chiletsa thirakitala kumpsinja munthu, ndipo lamba wa pa mpando amsunga m'kati mwache. Kuno mathirakitala ambiri amene tiwaona ali okalamba, ogulidwa kwa eni oyamba, ndipo ena alibe chimango. Ena anali nacho koma chinachotsedwa kuti alowe m'shedi yaifupi. Denga la malata limene amisiri a pa msika awotcherera pa timapaipi liri la dzuwa ndi mvula chabe. Thirakitala ikagwa lipindika ngati phesi.

Koma zonsezi zikhudza woyendetsa, ndipo woyendetsa ali mmodzi. Mtima wa nkhani yathu uli pa okwera. Thirakitala iri ndi mpando umodzi, ndipo opanga sanalakwe kuwerenga. Koma ikatuluka pa chipata cha esiteti mudzaona anthu awiri pa chitsulo chophimba gudumu la kumanja, awiri pa la kumanzere, wina ataima pa chitsulo chokokera pakati pa thirakitala ndi ngolo yache, ndi ena pamwamba pa matumba: antchito obwera ku munda, amai a ku chigayo, ana a sukulu, anyamata a mpira, ngakhale operekeza maliro. Thirakitala iribe zofewetsa mabampu monga galimoto. Gudumu likalowa m'dzenje onse adumpha, ndipo wogwa agwera pansi pa gudumu lalikuru kapena pansi pa ngolo yodzaza imene iri kudza pambuyo. Woyendetsa, m'phokoso la injini, nthawi zina samva konse kufikira anthu afuula. Ndipo ngolo zambiri za thirakitala ziribe mabuleki aoao, kotero kuti potsika phiri ndi katundu wolemera, ngolo ndiyo iyendetsa thirakitala.

Tinafunsa oyendetsa ena kuti, mulekeranji kukana? Yankho lao linatichititsa manyazi. Anati, tikane bwanji apongozi? Tikane bwanji kapitao amene atilemba ntchito? Munthu wokana kukweza mnzache pa mseu wa dzuwa atchedwa wouma mtima, ndipo pa maliro a kwao anthu amkumbutsa. Tipepese, Mafumu athu, koma ananenanso kuti tsiku lina wokweza dzanja m'mbali mwa mseu ndi nyakwawa mwini wache. Apa ndipo taona kuti lamulo la mwini esiteti lolembedwa pa chipupa silikwanira, pakuti woyendetsa akhala m'mudzi, sakhala pa chipupa. Koma mfumu ikanena pa bwalo kuti m'dziko langa munthu asakwere pa gudumu kapena pa chokokera, woyendetsa apeza pobisala. Adzati, si ine ndakana, mai, ndi mau a mfumu. Mphamvu imeneyi Boma liribe, ndi apolisi alibe. Iri m'manja mwanu.

Chiripo chinanso chaching'ono pochiona. Kumbuyo kwa thirakitala kutuluka chitsulo chozungulira chimene chiyendetsa makina opunthira chimanga, mapampu ndi zotchetchera. Chizungulira ka 540 pa mphindi imodzi, ndiko kunena ka 9 pa sekondi. Chidza ndi chophimba chache, koma chophimba chikasweka sichibwezedwa. Nsonga ya chitenje, mkono wa jekete, kapena chingwe cha thumba chikangokhudza, chikulunga munthu asanadziwe chimene chamgwira. Amai amene aolera chimanga pafupi ndi makina ndiwo ali pa ngozi iyi.

Tsono munthu wavulala; tichitenji? Pano ndi pamene miyendo yambiri itayika imene gudumu linaisiya. Munthu wogwa amene adandaula khosi kapena msana, kapena amene samva miyendo yache, asakhazikidwe tsonga ndipo asanyamulidwe ndi manja ndi miyendo ngati thumba. Agonekedwe pa chitseko kapena pa thabwa, mutu ndi thupi ziri mzera umodzi. Bala lotuluka mwazi lipsinjidwe ndi nsaru yoyera kolimba, osaleka. M'bala musalowe dothi, ndowe, phulusa kapena masamba otafuna, pakuti kafumbata akhala m'dothi ndi m'ndowe momwemo. Ndipo ali yense amene gudumu lampita pamimba kapena pachifuwa apite ku chipatala tsiku lomwelo, angakhale ali kuseka.

Za omanga mafupa a kumudzi tinena ndi ulemu, pakuti ena a iwo ndi abale athu ndipo anthu awakhulupirira. Koma mwendo wothyoka utupa, ndipo ukamangidwa kolimba ndi timitengo ndi luzi, mwazi uleka kufika ku phazi. Zala zizizira, zichita dzanzi, zida. Pofika ku chipatala patapita sabata, dotolo alibe china koma kudula. Ndipo fupa limene laboola khungu liri ndi changu choposa, pakuti dothi lalowa m'fupa. Anthu ena aopa chipatala poganiza kuti za mafupa zichitika ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe kokha. Si tero. Mu 1985 dotolo wa ku Canada, Edward Blair, anayamba kuphunzitsa anthu a dziko lino ntchito ya mafupa, ndipo ophunzira a sukulu imeneyo ndiwo agwira ntchitoyi m'zipatala za m'maboma. Sitibisa kuti chithandizo chiri chowawa. Munthu wothyoka fupa la ntchafu kawirikawiri agona chagada masabata 6 kapena oposa, mwendo uli kukokedwa ndi cholemera, ndipo wina wa pa banja aleka munda kukamdikira. Banja limodzi litaya alimi awiri. Koma atuluka ndi mwendo wache.

Potsiriza pa zovuta, tinene za malipiro. Mwambo wathu uli wakuti mwini thirakitala kapena mwini esiteti atuma munthu ndi thumba la ufa, bokosi la maliro, kapena ndalama pang'ono, akuru a mbali ziwiri akhala pansi pamaso pa nyakwawa, ndipo nkhani yatha. Kupepesa kotere kuli kwabwino ndipo kusunga mtendere. Sitifuna kuti kuleke. Koma kusalowe m'malo mwa lamulo. Dziko lino liri ndi lamulo la mu 2000 la chipukuta misozi cha antchito, limene linena kuti wantchito wovulala pa ntchito yache alipidwe ndi womlemba, ndipo akafa, alandire a pa banja pache. Njira yache ipita ku ofesi ya Leba ku Boma, ndi kalata ya dotolo yonena kukula kwa chilema. Ndiponso mu 2019 Malawi inavomereza pangano la maiko la mu 2001 lonena za kusamala moyo wa antchito a m'minda. Munthu wodulidwa mwendo adzakhala wopanda mwendo zaka zonse za moyo wache, pamene thumba la ufa litha pa mwezi. Mfumu imene imaliza mrandu wotere pa bwalo, osatumiza wovulala ku Leba, yamchotsera chimene lamulo linampatsa, ingakhale inachita ndi mtima wabwino. Koma tizindikire kuti lamulo ili liri la olembedwa ntchito. Mai uja wa ku chigayo amene anangokwezedwa, ndi mwana uja wotumidwa ndi atate wache, sali m'kati mwache. Iwo chowatchinjiriza chao ndi mau a mfumu onenedwa ngozi isanagwe.

Chifukwa chache kabungwe kathu kapempha Mafumu kuti, zokolola zisanayambe, ali yense aitane anthu ache nanene poyera kuti mwana wosafika msinkhu asayende yekha ndi ngolo, kuti ngolo yopanda zonyezimira isatuluke pa mseu dzuwa litalowa, ndi kuti pa thirakitala pakhale munthu mmodzi. Amene afuna kutengedwa akhale pansi m'kati mwa ngolo ya zipupa, yopanda katundu. Ena a m'kabungwe anafuna kuti titchule zaka za mwana ndi kukula kwa chindapusa. Sitinagwirizane, pakuti wina anati 14, wina anati 16, ndipo wina anatikumbutsa za amai amasiye amene alibe munthu wamkuru wowayendetsera ngolo. Mfundo imeneyo taisiya kwa inu kuti muiweruze lero.

Tipemphanso chinthu chimene chioneka chopepuka. Mabungwe oyamba a anthu a dziko lino, kuyambira lija la ku Karonga la mu 1912, anali ndi mwambo wolemba madandaulo ao ndi kuwatumiza ku Boma, ndipo zolemba zao ziwerengedwa kufikira lero. Ife tikapita kwa Bwanamkubwa kapena kwa eni maesiteti kukapempha zimango pa mathirakitala ndi mabuleki pa ngolo zache, adzatifunsa kuti avulala angati, ndipo lero tiribe choyankha, popeza ngozi ya m'munda siifika ku polisi ndipo womwalira pa mudzi salembedwa m'buku la chipatala. Tsono nyakwawa iri yonse isunge kope limodzi, ndipo ngozi ikagwa mulembedwe tsiku, malo, ngati inali ngolo kapena thirakitala, zaka za wovulala, pamene anakhala pokwera, ndi maola amene anapita asanafike ku chipatala. Mlembi wa Bungwe wabwera ndi makope, ndipo adzawagawa pa khomo msonkhano ukatha; a Mafumu amene sanafike adzawatumiza pamodzi ndi kalata ino. Makopewo abwere nao pa msonkhano wathu wa pambuyo pa malonda a fodya.

Wapampando, mau athu athera pamenepa, ndipo tibweza bwalo kwa inu kuti Mafumu alankhule pa mfundo ya zaka za mwana.